Kuwerenga kafukufuku wa FEAST ndili ku Glen View

Azakhali anga a ku Mufakose ali ndi muyeso umodzi wokha woyezera chipatala. Wina akabwerako ndi mwana wodwala, safunsa dzina la mankhwala kapena zimene adokotala apeza. Amangofunsa kuti, "Amuika dripu?" Akamva kuti ayi, amapukusa mutu n'kunena kuti, "Ndiye mwangotaya ndalama ya kombi." Iwo anabadwira mu Harare momwemo, agogo anga atachoka ku Dedza kudzasaka ntchito mzindawu ukadali Salisbury. Chichewa chawo n'chothira Chishona, koma mawu akuti dripu sasowa womasulira m'zinenero ziwirizi.

Sindiwaseka. Mu Ogasiti 2008 kolera inayamba ku Chitungwiza, kenaka inalowa ku Budiriro ndi ku Glen View n'kufalikira dziko lonse. Pofika pakati pa 2009 anthu oposa 98,000 anali atadwala ndipo oposa 4,000 anali atamwalira, ambiri a iwo kunyumba kapena panjira, chifukwa inali nthawi imene ndalama ya Zimbabwe inasanduka mapepala ndipo zipatala zikuluzikulu za mu Harare zinali pafupifupi zotseka. Amene anafika pa msasa wa odwala kolera anaona chinthu chimene munthu saiwala. Munthu wobwera pa wilibala, maso atalowa, mawu atatha, amamulowetsa singano m'mtsempha, ndipo pakangotha maola awiri kapena atatu amadzuka n'kupempha madzi akumwa. Azakhali anaziona ndi maso awo. Chikhulupiriro chawo pa dripu chili ndi umboni kuposa zikhulupiriro zambiri zimene ine ndinatenga ku yunivesite.

N'chifukwa chake kafukufuku amene ndikufuna kumuunika pano ndi wovuta kumufotokoza kwa munthu wa ku Mufakose. Amatchedwa FEAST, ndipo anatuluka mu 2011 m'magazini ya madokotala ya New England Journal of Medicine. Anatsogolera ndi Kathryn Maitland, dokotala wa ana amene wakhala zaka zambiri ku Kilifi m'dziko la Kenya, pamodzi ndi anzake monga Sarah Kiguli wa ku Makerere. Zaka zapitapo ndithu, koma mkangano umene anauyambitsa sunathe, ndipo kafukufuku watsopano wokhudza madzi a m'dripu, mpaka amene watuluka mu 2025, akuyankhabe mafunso amene FEAST anasiya.

Nkhani yake inali yotere. Mwana akafika kuchipatala thupi likutentha, atalefukiratu kapena akupuma movutikira, manja ndi miyendo zitazizira, mtima ukugunda mothamanga, mabuku a madokotala ankati amupatse madzi ambiri m'mtsempha mwachangu. Kuthira kwa changu kumeneku pa Chingerezi amati bolus. Muyeso wake unali mamililita 20 pa kilogalamu iliyonse ya kulemera kwa mwana, kotero mwana wa makilogalamu 10 amalandira mamililita 200, osadzaza n'komwe botolo la Fanta. Ku Ulaya ndi ku America aliyense ankachita zimenezi, ndipo ambiri ankadandaula kuti zipatala za mu Africa sizichita mokwanira. Ofufuza a FEAST anafuna kuonetsa kuti njirayi ingapulumutse ana ngakhale m'zipatala zopanda makina othandiza kupuma. Anasankha zipatala zisanu ndi chimodzi: Mulago, Mbale, Soroti ndi Lacor ku Uganda, Kilifi ku Kenya, ndi Teule ku Muheza m'dziko la Tanzania. Ana anagawidwa mwa maere m'magulu atatu. Ena analandira bolus ya madzi a mchere, ena bolus ya albumin, ena sanalandire bolus.

Mu Januwale 2011 komiti yoima payokha yoyang'anira chitetezo cha anawo inaimitsa kafukufukuyu asanathe, ana 3,141 atalowa kale mwa 3,600 amene ankafunika. Pakutha pa maola 48, mwa ana a albumin anamwalira 10.6 peresenti, mwa ana a madzi a mchere 10.5 peresenti, ndipo mwa amene sanalandire bolus 7.3 peresenti. Kunena mwachidule, pa ana 100 aliwonse amene anathiridwa madzi mwachangu, atatu anamwalira amene akanakhala moyo. Chimene chimandigwira mtima ndikawerenga lipotili n'chakuti olembawo sakubisa kuti sanayembekezere zimenezi. Anamwino ndi madokotala amene ankaima pambali pa bedi ankaona mwana akuoneka bwino atangolandira bolus: manja ankafunda, kugunda kwa mtima kunkamveka bwino. Maso awo sankanama, koma ankaona ola loyamba lokha. Zimene zinkachitika pofika tsiku lachiwiri zinaoneka pokhapokha ana masauzande atawerengedwa pamodzi. Pa mfundo imeneyi FEAST ndi ntchito yaikulu, ndipo zonse zimene ndinene pansipa sizichotsa ulemu umenewu.

Akuluakulu amati mlendo ndiye amabwera ndi kalumo kakuthwa, koma sanalonjeze kuti kalumoko sikadzatema. Chikhulupiriro cha madzi ambiri mwachangu chinakula kwambiri pambuyo pa 2001, pamene Emanuel Rivers anafalitsa zimene anapeza pa odwala 263 a pachipatala chimodzi ku Detroit. Anali akuluakulu odwala sepsis, matenda amene tizilombo timafalikira m'thupi mpaka ziwalo kuyamba kufooka, ndipo imfa zinatsika kuchoka pa 46.5 kufika pa 30.5 peresenti. Ndondomeko yake inayenda dziko lonse. Kenaka mu 2014 ndi 2015 kafukufuku wamkulu katatu, ku America, ku Australia ndi New Zealand, ndi ku England, sanapeze kuti ndondomeko ya Rivers ikuposa chisamaliro cha masiku onse. M'maiko olemera kalumo kanangopezeka kuti n'kobuntha. Kwathu kuno n'kumene kanatema.

Umboni wapafupi ndi ife uli ku Lusaka. Ben Andrews ndi anzake anayesa ndondomeko yofanana nayo pa University Teaching Hospital, pa akuluakulu 209 odwala sepsis amene bipi yawo inali itatsika, ndipo zotsatira zinatuluka m'magazini ya JAMA mu 2017. Pafupifupi 9 mwa odwala 10 aliwonse anali ndi HIV, ambiri ali ochepa magazi ndi owonda, ambirinso akuganiziridwa TB. A gulu la ndondomeko yatsopano analandira malita apakati pa 3 ndi 4 m'maola 6 oyamba, enawo malita 2. Mwa oyambawo anamwalira m'chipatala 48.1 peresenti, mwa enawo 33 peresenti. Odwala a ku Lusaka amenewa amafanana kwambiri ndi amene amagona pa benchi ku Parirenyatwa kapena ku chipatala chimene tinkachitcha Harare Central kuposa mmene amafananira ndi a ku Detroit.

Tsopano ndifike pa ntchito yanga. Ndine womasulira, ndipo FEAST ndinakumana naye pa ntchito. Bungwe lina, limene sinditchula, linandipempha kuti ndimasulire m'Chichewa kapepala kophunzitsira amayi odzipereka a zaumoyo amene amayenda khomo ndi khomo m'madera okhala mbadwa za Amalawi, ku Mufakose, Dzivarasekwa, Mabvuku ndi Epworth. Malamulo aakulu a Zimbabwe a 2013 amatchula zinenero 16 zovomerezeka ndipo Chichewa chili poyambirira pa mndandandawo, koma kapepala ka zaumoyo ka m'Chichewa mu Harare ndi chinthu chosowa, choncho ndinavomera mokondwa. Cholinga chake chinali chabwino: kuuza makolo kuti asamakakamize anamwino kuika dripu. Mzere wina wa Chingerezi unkanena kuti kafukufuku wa mu Africa waonetsa kuti madzi a m'mtsempha akhoza kupha mwana wodwala kwambiri. Nditaumasulira mmene unalili unatuluka wotere: dripu ikhoza kupha mwana wanu. Ndinauyang'ana nthawi yaitali, kenaka ndinapita kukafuna lipoti lenilenilo.

Chinthu choyamba chimene mzerewo unataya n'chakuti ana a gulu lachitatu, amene anapulumuka ochuluka, nawonso anali pa dripu. Ankalandira madzi odontha pang'onopang'ono okwanira zosowa za thupi, mankhwala opha tizilombo, mankhwala a malungo, shuga akatsika, ndi magazi akakhala ochepa kwambiri. Chimene sanalandire ndi kuthira kwa changu kokha. Azakhali anga akanalowa mu wodi imeneyo akanaona thumba likulendewera pa bedi lililonse n'kukhutira. Kusiyana kunali pa liwiro ndi kuchuluka, zinthu zimene mayi woima pakhomo sangazione.

Chinthu chachiwiri n'chachikulu kwambiri kwa anthu a mu Harare. FEAST sanalowetse ana otsegula m'mimba. Sanalowetsenso ana onyentchera kwambiri, ana opsa ndi moto, ndi ovulala otaya magazi. Zimenezi zalembedwa momveka m'gawo lofotokoza mmene kafukufuku anachitikira, gawo limene ambirife timalidumpha pothamangira zotsatira. Olembawo sanalakwe kuwasiya kunja, chifukwa palibe komiti imene ikanalola kumana madzi mwana amene akutha madzi. Koma zikutanthauza kuti pa matenda amene apha anthu ambiri mwadzidzidzi ku Budiriro ndi ku Glen View, FEAST alibe mawu ngakhale amodzi.

Kolera imapha mwa masamu osavuta. Wodwala amatsegula madzi onga otsukira mpunga, ndipo munthu wamkulu akhoza kutaya lita yathunthu pa ola limodzi. Amene matendawa awagwira mwamphamvu, akapanda chithandizo, mpaka theka amamwalira, koma akabwezeredwa madzi msanga imfa sizifika ngakhale mmodzi pa 100. Ndondomeko ya World Health Organization kwa munthu amene watheratu madzi ndi mamililita 100 a Ringer's lactate pa kilogalamu iliyonse, m'maola 3 kwa amene apitirira chaka chimodzi ndi m'maola 6 kwa makanda. Mwana wathu uja wa makilogalamu 10 amalandira lita yathunthu, kasanu kuposa bolus yoyamba ya FEAST, ndipo bambo wa makilogalamu 60 amalandira malita 6. Madzi amene anawonjezera imfa ku Soroti ndi ochepa poyerekeza ndi amene amadzutsa munthu pa Beatrice Road Infectious Diseases Hospital.

Mu Seputembala 2018 kolera inabweranso ku Glen View ndi ku Budiriro, mapaipi a zonyansa ataphulika n'kuipitsa zitsime ndi mijigo imene anthu amadalira chifukwa madzi a ku Morton Jaffray safika m'mipope masiku ambiri. Boma linalengeza kuti mu Harare muli ngozi yogwa mwadzidzidzi ndipo misonkhano inaletsedwa. Tizilombo ta ulendo umenewu sitinkamva ciprofloxacin kapena ceftriaxone, moti madokotala anatembenukira ku azithromycin. Anthu oposa 10,000 anadwala, koma amene anamwalira sanafike mmodzi pa 100, pamene mu 2008 ndi 2009 anapitirira anayi pa 100. Mankhwala anali atayamba kulephera, ndiye chimene chinapulumutsa anthu ndi kufika msanga ndi kulandira madzi, akumwa kwa ambiri ndi a m'mtsempha kwa amene anafooka. Tangoganizani mayi wa ku Glen View 3 atawerenga m'chinenero chake kuti dripu ikhoza kupha mwana wake, usiku umene mwanayo wayamba kutsegula.

Apa m'pamene pali vuto la mawu, ndipo sindikhulupirira kuti ndi la Chichewa chokha. Madokotala ali ndi mawu akuti shock, otanthauza kuti magazi sakuzungulira mokwanira kufika ku ziwalo. Ife shoko imene timaidziwa ndi ya magetsi. Tili ndi mawu akuti kutha madzi m'thupi, amene namwino aliyense ndi mayi aliyense amawamva, koma tilibe mawu afupi onena za mwana amene madzi ali nawo koma magazi sakuyenda bwino chifukwa tizilombo tafooketsa mitsempha ndi mtima. Chingerezi chili ndi liwu, koma liwu limodzilo laphimba matenda osiyana: wotaya magazi pa ngozi ya kombi, wotsegula m'mimba, ndi wa sepsis, onse amatchedwa kuti ali mu shock, ndipo kwa zaka zambiri dzina limodzi linkabweretsa mankhwala amodzi. Kusowa kwathu kwa liwu kunandikakamiza kufotokoza mwana aliyense payekha, ndipo pofotokozapo ndinaona kuti ndi ana awiri.

Woyamba watsegula m'mimba kapena wasanza kwambiri. Maso alowa, liwombo lalowa ngati ndi khanda, ukatsina khungu la pamimba limachedwa kubwerera. Wachiwiri thupi latentha masiku angapo, walefuka, akupuma mothamanga, mapazi azizira, koma sanataye madzi ambiri. Onse awiri akhoza kufika pa kiliniki ya khonsolo ola limodzi, onse ali lende kumbuyo kwa amayi awo, ndipo namwino mmodzi ayenera kuwasiyanitsa m'mphindi zochepa, nthawi zina ndi tochi ya foni. Mu Harare vutoli limakula chifukwa cha taifodi, imene imayenda m'madzi omwewo ndi m'madera omwewo, Mbare, Kuwadzana, Glen View, Budiriro. Mwana wa taifodi amatentha thupi ndipo akhozanso kutsegula m'mimba. Ali pakati penipeni pa ana awiri aja, pamalo pamene FEAST analekeza ndipo ndondomeko ya kolera sinayambe. (Katemera watsopano wa taifodi anaperekedwa kwa anthu oposa 300,000 m'madera a mu Harare kumayambiriro kwa 2019, koyamba mu Africa pa mlingo wotere, ndipo umboni wamphamvu wakuti amateteza ana a kuno unachokera ku Ndirande ndi Zingwangwa ku Blantyre, kumene ana oposa 28,000 analowa m'kafukufuku.)

Otsutsa FEAST anatola msanga mfundo ina imene munthu wa mu Harare angaikonde. Ana 57 pa 100 aliwonse m'kafukufukuyu anali ndi malungo, ndipo pafupifupi mmodzi mwa atatu anali ndi magazi ochepa kwambiri. Kuthira madzi m'magazi ochepa kale kuli ngati kuthira madzi m'phala la madzimadzi. Harare ali pamtunda, malungo ndi ochepa, ndiye wina anganene kuti nkhaniyi ndi ya m'mphepete mwa nyanja ya Kyoga, si ya kuno. Ndinafuna kuikhulupirira mfundoyi, chifukwa ikanandipeputsira ntchito, koma matebulo a lipotilo sailola. Kuwonjezeka kwa imfa kunaoneka kwa ana a malungo ndi opanda malungo, kwa ochepa magazi ndi kwa amene magazi awo anali bwinoko. Ofufuzawo atabwereranso ku zolemba zawo mu 2013 anapeza chinthu china chodabwitsa: ana owonjezerawo sanafe makamaka chifukwa cha madzi odzaza m'mapapo, monga mmene ambiri ankaganizira, koma chifukwa mtima ndi kuzungulira kwa magazi zinagwa pambuyo pooneka ngati zachira. Akatswiri akukanganabe za chimene chimachititsa zimenezi, ndipo ichi ndi chofooka chenicheni cha FEAST kwa munthu woima pa bedi. Lipotili limamuuza chimene asachite, koma silimupatsa chizindikiro choti aone kuti mwana uyu ndiye ali pa ngozi.

Mmene akuluakulu a zaumoyo analandirira nkhaniyi ndi mbali imene imandikwiyitsa. Mu 2013, patatha zaka ziwiri, buku la m'thumba la World Health Organization losamalira ana m'chipatala linatulukanso likulangizabe bolus yachangu kwa mwana wa shock. Yankho lawo linali lakuti iwo amatanthauzira shock mokhwima, pofuna zizindikiro zitatu pamodzi: manja ozizira, magazi ochedwa kubwerera m'chikhadabo kupitirira masekondi 3 ukachidina, ndi kugunda kwa mtima kofooka ndi kothamanga. FEAST ankalowetsa mwana wa chizindikiro chimodzi chokha. N'zoona, ndipo ana amene anali ndi zitatu zonse anali 65 basi mwa 3,141. Koma mwa ana 65 amenewo, a bolus anamwalira 48 peresenti ndipo opanda bolus 20 peresenti. Chiwerengerochi n'chochepa moti sichingagamule mlandu, koma sichikuloza kumene bukulo linkaloza. Kiguli ndi anzake analemba m'magazini ya BMJ mu 2014 kudandaula poyera. Malangizo anasintha mu 2016: mwana wa chizindikiro chimodzi kapena ziwiri asathiridwe madzi mwachangu, ndipo wa zitatu zonse alandire mamililita 10 mpaka 20 pa kilogalamu, mosathamanga, kwa mphindi 30 mpaka 60. Zaka zisanu ndi zambiri. Ndimadzifunsa ngati kafukufuku wa ana 3,000 a ku Boston akanadikira chotero.

Mu 2020 malangizo a Surviving Sepsis Campaign a ana anagawa dziko pawiri. Kumene kuli chipinda cha odwala mwakayakaya, dokotala akhoza kupereka mamililita 40 mpaka 60 pa kilogalamu m'ola loyamba. Kumene kulibe, mwana amene bipi yake sinatsike asapatsidwe bolus. Ena amati uku ndi kuona mtima, kuvomereza kuti chithandizo chimadalira zimene zili pafupi. Ine ndimakuwerenga mokayikira pa zifukwa ziwiri. Kugawaku kukusonyeza ngati FEAST ndi nkhani ya umphawi, ngati kuti madziwo ndi abwino koma ife tikusowa makina opulumutsira amene madziwo awapweteka, pamene kafukufuku wa akuluakulu m'maiko olemera, CLASSIC mu 2022 ndi CLOVERS mu 2023, sanapeze kuti madzi ambiri akuposa madzi ochepa. Chachiwiri, mzinda ngati Harare sugwera mbali imodzi. Chipinda cha odwala mwakayakaya chilipo ku Parirenyatwa, koma kwa mwana amene ali ku Kuwadzana pakati pa usiku, chipinda chimene chili kutsidya kwa mzinda, chodzaza kale, chofuna galimoto ndi mafuta, n'chimodzimodzi kulibe. Malangizowo amafunsa ngati chipindacho chilipo. Namwino amafunsa ngati mwanayu akafikako.

Pali kanthu kena m'kafukufukuyu kamene womasulira sangakadumphe. Mwana wofika ali chikomokere sangadikire kuti mayi ake awerenge masamba a chilolezo, choncho ofufuza ankapempha chilolezo cha pakamwa m'mawu ochepa, n'kudzabwera ndi pepala losayina mwana atakhazikika. Sindiona njira ina imene akanachitira. Koma ndimaganizira za munthu amene anamasulira mawu ochepawo m'Chiteso, m'Chiganda ndi m'Chiswahili, akufotokozera mayi wogwidwa mantha kuti chithandizo cha mwana wake chisankhidwa mwa maere chifukwa madokotala sakudziwa chabwino n'chiti. M'malipoti otere omasulira saoneka, ngakhale kuti chilungamo cha kafukufuku yense chimadutsa pakamwa pawo.

Zimene zatuluka posachedwa zikukonza mbali imene FEAST anaisiya, ndipo sizikupita mbali imodzi. Mu 2019 gulu la Maitland linafalitsa kafukufuku wamng'ono wotchedwa GASTRO, wa ana 122 otsegula m'mimba ku Uganda ndi Kenya, amene anaonetsa kuti kubwezera madzi omwewo mofatsa kwa maola 8 sikunali koopsa kuposa ndondomeko yachangu. Ndi ana ochepa, ndipo si kafukufuku wa kolera, choncho palibe amene ayenera kuchepetsa liwiro la dripu pa msasa wa kolera chifukwa cha iye. Mu 2025 kunatuluka GASTROSAM, wa ana 272 onyentchera kwambiri amene anatheratu madzi chifukwa chotsegula m'mimba, ku Niger, Nigeria, Uganda ndi Kenya. Kwa zaka zambiri ana otere ankamanidwa dripu poopa kuti mtima wawo sungapirire. Pakutha pa maola 96 imfa zinali zofanana, 7 peresenti kwa a dripu ndi 8 peresenti kwa omwetsedwa, ndipo kulephera kwa mtima kumene ankakuopa sikunaoneke. Ofufuza omwewo amene anapeza kuti tinkathira madzi ochuluka mwa ana ena akupeza kuti mwina tinkaopa madzi popanda chifukwa mwa ana ena. Ndimawakhulupirira kwambiri chifukwa cha zimenezi.

Malawi ali ndi maphunziro ake awiri pa nkhaniyi. Ku Salima, Eric McCollum ndi anzake anayesa makina a bubble CPAP pa ana 644 odwala chibayo chachikulu, mu wodi yopanda dokotala woyendera tsiku lililonse, ndipo mu 2019 analengeza kuti a makina anamwalira 17 peresenti pamene a okisijeni wamba anamwalira 11 peresenti. Ku Queen Elizabeth Central Hospital ku Blantyre, Elizabeth Molyneux ndi anzake anasintha kalandiridwe ka ana mu 2001, kuti mwana wodwalitsa azionedwa pakhomo pomwepo m'malo moima pamzere, ndipo imfa za ana ogonekedwa zinatsika kuchoka pa 10 mpaka 18 peresenti kufika pa 6 mpaka 8 peresenti. Panalibe makina atsopano. FEAST nayenso anaphunzitsa ogwira ntchito ake kusankha odwalitsa msanga, ndipo imfa m'magulu onse zinali zochepa kuposa zimene ofufuza ankayembekezera. Mfundo imeneyi siitchulidwa kawirikawiri, mwina chifukwa siidabwitsa ngati inayo.

Kapepala kaja ndinakabweza ndi ndime ina m'malo mwa mzere umodzi. Ndinalemba kuti mwana wotsegula m'mimba ayambe kumwa madzi a shuga ndi mchere nthawi yomweyo ndipo apite kuchipatala, ndi kuti akatheratu madzi dripu ndiyo imamupulumutsa. Ndinalembanso kuti mwana wotentha thupi amene walefuka apitenso msanga, koma anamwino akhoza kumuika dripu yodontha pang'onopang'ono kapena osamuika, ndipo kutero si ulesi kapena nkhanza. Anandiyankha kuti ndimeyo ndi yaitali ndipo womasulira saloledwa kusintha uthenga. Pa mfundo yachiwiriyo ananena zoona. Tinagwirizana kuchotsa mzere wa Chingerezi uja osaikapo kanthu.

Mu Novembala 2023 khonsolo ya Harare inalengezanso ngozi ya kolera, ulendo uno Kuwadzana ali pakati pake. Ndinaimbira azakhali foni kuwafunsa ngati akuwiritsa madzi. Anati magetsi kulibe ndipo gasi wakwera, koma botolo lawo lakale la Mazoe la mamililita 750 lili pamwamba pa kabati monga kale, ndipo muyeso akuukumbukira: masupuni ang'ono 6 a shuga ndi theka la supuni ya mchere. Ndinayesa kuwafotokozera za ana awiri aja. Anamvetsera mpaka kumapeto, n'kundifunsa kuti, "Nanga iwe mwana wa achimwene, ineyo ndikadziwa bwanji kuti dripu ikudontha mofatsa chifukwa cha kafukufuku wakoyo, osati chifukwa thumba latsala limodzi?"